Tsiku Limene Zlata Anakana Kutseka Chitseko

Zlata Rashkova anali mkazi wamfupi, wa mapewa ngati a mwamuna, ndipo manja ake ankanunkha chikopa ngakhale awakweche ndi phulusa. Nyumba yawo ndi yathu zinkasiyanitsidwa ndi khoma limodzi la miyala, ndipo pakhomapo panali kachitseko kaja kobwerekerana moto ndi mchere. Tsiku limene ndinakwatiwa ndinamupeza mbali inayo akupala chikopa cha mbuzi pachipika. Sanadzutse n'komwe mutu kuti aone mkwatibwi. Anangoti, "Ngati ndiwe wolongolola unene lero, ndikhomeretu misomali kachitsekoka." Ndinali wolongolola, koma misomaliyo sanaipeze mpaka kufa kwake.

Bambo wawo anali wofufuta zikopa kumtsinje. Chifuwa chinawatenga bambowo pamene Zlata anali namwali, mayi wawo n'kutsatira mphesa zisanapse, n'kumusiyira kamlongo kake kamamina, Haralampi. Tonse tinkangoti Lambi. Mwana wa mwini mphero anabwera kudzafunsira Zlata, mnyamata wabwinobwino wa mano onse, koma anati kamwanako akasiye kwa amalume ake kumudzi. Zlata anamuuza kuti akakwatire mphero ya bambo wake, ndiyo imagaya osayankha. Wina sanabwerenso, ndipo iye sanadikire wina.

Anapala zikopa, anachapa ubweya wa nkhosa mumtsinje madzi akuluma ngati mpeni, mpaka Lambi anamaliza sukulu ya kuno n'kupita kulikulu, ku Sofia. Zlata ankafuna dokotala kapena wansembe, munthu woti akamadutsa anthu azivula zipewa. Lambi anasankha nyuzipepala.

"Ndiye kuti chiyani? Uzigulitsa?"

"Ndizilemba, kaka."

"Miseche yolipidwa basi," anatero Zlata, n'kumuwonjezera nyemba.

Kaka ndi mmene mwana aliyense amaitanira mlongo wake wamkulu, koma pakamwa pa Lambi zinkamveka ngati akuti amayi, ndipo sanasiye mpaka imvi.

Miseche yakeyo inali yakuthwa. Analemba za ogula tirigu a masikelo obera, za apolisi okwapula alimi pamsika, za bwana wina amene anamanga nyumba ya chibwenzi chake ndi matabwa a sukulu. Aphunzitsi ankawerenga mokweza m'nyumba ya khofi, ndiye popeza akazi sitilowamo, Zlata ankaima panja pawindo ndi dengu lake, kunamizira kupuma. Kuwerenga sankadziwa, koma dzina la mlongo wake ankalizindikira mmene limakhalira papepala, ngati mmene umazindikirira nkhuku yako pakati pa za eni. Apolisi anamumanga Lambi kangapo, ndipo nthawi zonse Zlata ankakwera sitima ndi mphika wa nyemba pamiyendo. Ali m'ndendemo analemba buku la msewu wathu uno. Amati muli mkazi wina wa pakamwa ngati khomo la khola, mkazi wa munthu wa ngolo. Wa ngolo mumsewu muno anali mmodzi yekha, mwamuna wanga Mincho. Ndinangokhululuka chifukwa amati mkaziyo anamulemba wokongola.

Kenaka a chipani chake analowa m'boma, Lambi n'kukhala nduna yoona za masukulu ndi zosindikiza. Ananenepa. Anagula chipewa chakuda ndi ndodo yoti sankatsimphina n'komwe. Masukulu anamangadi, bodza ayi, ya kuseri kwa tchalitchi ija ndi yake. Koma nyuzi zina zitayamba kumujambula ndi mimba ngati mgolo, anazitseka. Nkhaniyo Zlata anaimva pawindo lomwe lija.

"Iwe unkalira kuti akutseka pakamwa, lero ukutseka anzako?"

"Kaka, inu simungamvetse. Amenewo ndi agalu."

"Nawenso ankati ndiwe galu. Nyemba ndinkapititsira galu ine?"

Lambi anaseka, n'kumupsompsona dzanja lonunkha chikopa lija. Nyuzizo sanazitsegule.

Ngakhale anali nduna, pa tsiku la dzina lake, lokumbukira woyera amene anatengako dzina, ankabwera kwawo. Tsiku la Woyera Haralampi limagwa m'nyengo yozizira, chipale chofewa chili m'mawondo, tsiku limene timapita ndi uchi kutchalitchi kuti ansembe audalitse. Pa tsiku la dzina suitana munthu, ndipo subweza munthu. Umangoyala tebulo, kutsegula chitseko, amene akukuwerengera abwera yekha. Zaka za unduna zija, nsapato za alendo zinkayambira pakhonde mpaka pageti. Ameya, ansembe, oimba ng'oma ndi zitoliro, ngakhale ogula tirigu aja amene anawatukwana m'nyuzi, onse pamzere kudikira kuti mwini dzina awathirire rakiya, kachasu wathu wa kuno, ndi dzanja lake. Ine ndi Zlata tinkaphika mpaka miyendo kutupa. Iye ankadandaula kuti amudyera nkhumba yonse, koma akamadandaula maso ake ankawala.

Chaka chimene asilikali analanda boma, Lambi anasowa. Ena ankati amugwira, ena ankati wathawira kunja. Anatulukira kuno chipale chitagwa kale, tsiku lake litayandikira, atavala chijasi cha eni, ndevu zili pepepe, mimba ija itapita. Analowera kwathu, n'kudutsa pakachitseko.

Nthawi imeneyo anthu ankatengedwa masana dzuwa likuswa mtengo. Ankati akukangofunsidwa mafunso. Mphunzitsi wowerenga mokweza uja anapita kukafunsidwa, chipewa chake n'kutsala pamsomali m'nyumba ya khofi, ndipo panalibe wolimba mtima woti achichotse kapena kuchiyang'ana. Akazi anasiya kuchapira kumunsi kwa mlatho. Sankanena chifukwa, ankangoti madzi a kumtunda ndiwo oyera. Wamakalata anayamba kudutsa geti la Zlata maso ali kumwamba ngati akuwerenga akhwangwala. Mkazi wa ansembe anabweza chiwaya chimene anabwereka kalekale, koma sanagogode, anangochitsamiritsa pageti. Ndiye pa wometa tsitsi wa kutsidya kwa msewu panayamba kukhala munthu wina wachilendo, m'mawa uliwonse pampando wa pawindo, koma tsitsi lake silinkafupika.

Mincho wanga sanali munthu wa mawu ambiri. Anadikira kuti Zlata aike supu patebulo, ndiye anayamba ndi bai, mawu athu olemekezera mwamuna, nati, "Bai Lambi, ndili ndi zikopa zaziwisi zopita kumidzi ya kumalire. Asilikali a pamlatho akamva fungolo amangondiuza kuti pita, pita. Munthu akhoza kugona pansi pake. Mawa ndinyamuka."

"Mawa ayi," Zlata anayankha Lambi asanatsegule pakamwa. "Tsiku lake lidutse kaye."

Mincho anati, "Kaka Zlata, njira ya pamwamba pa phiri ikagweranso chipale itsekeka. Komanso uja wa pa wometayo sakudikira lezala."

"Ndiye nditseke chitseko pa tsiku la Woyera Haralampi? Anthu abwere apeze loko? Chibadwire mwanayu chitsekochi sichinatsekedwepo tsiku limenelo, ngakhale chaka chimene tinalibe n'komwe mafuta a nyale. Woyerayo anamanga mliri ndi unyolo, alephere timagalu ta mayunifomu? Ukamuthawa pa tsiku lake, akuperekeza ndani paphiripo, mahatchi akowo?"

Ine ndinati, "Woyera ali kumwamba, Zlata, kumeneko kulibe mlatho wa asilikali."

"Iwe Dafina, tseka khola."

Tonse tinayang'ana Lambi. Akanangonena kuti ndipita, Zlata akanalira, akanatukwana, kenaka akanamumangira buledi m'kansalu. Koma iye ankazunguza supuni m'mbale, akumwetulira kumbali.

"Ndikufuna ndione amene abwere," anatero.

Mincho anapukusa mutu. "Amene akukufunani si amene mukuwadikirawo, bai Lambi."

Anagwirizana kuti ngolo idikire pabwalo pathu pa tsikulo, zikopa zitapakiridwa kale, ndipo alendo akangotha anyamuke kusanade.

M'mawa wa tsikulo tinapita ndi uchi kutchalitchi. Tchalitchi chinadzaza, koma pozungulira Zlata panali malo okwana ng'ombe. Ansembe atafika pa botolo lake anagwedeza dzanja mofulumira ngati akuingitsa ntchentche. Zlata sanaone, kapena anasankha kusaona. Anafika kunyumba n'kupaka uchi pamikate yotentha, n'kuyala tebulo: mkate wopyapyala wa tchizi umene timati banitsa, masoseji, kabichi wa mumgolo ndi nyama ya nkhumba, tsabola wa m'viniga, botolo la rakiya pakati. Kenaka anatsegula chitseko n'kuchiika mwala kuti mphepo isachitseke.

Lambi anameta ndevu, n'kuvala suti yake ya unduna imene Zlata ankasunga m'bokosi. Inkamulendewera ngati yobwereka. Anakhala kumutu kwa tebulo, dzanja pabotolo.

Kuzizira kunalowa. Mafuta a nkhumba anayamba kuuma m'mbale. Tinkamva mapazi pachipale, krr krr krr, akuyandikira, tonse n'kuwongoka, mapaziwo n'kuwolokera tsidya lina la msewu. Woimba ng'oma anadutsa ng'oma yake ataifunditsa chijasi ngati mwana wodwala. Ameya anadutsanso, akuyang'anitsitsa khoma la eni ngati akufuna kuligula. Gogo wina wa kumapeto kwa msewu anaima pageti, anadzilemba mtanda, n'kubwerera.

"Akadali kutchalitchi," Zlata anatero.

Belu la masana litalira anati, "Akudya kaye kwawo, chaka chino anthu ali ndi manyazi."

Anatenthetsanso kabichi. Anapukuta matambula oyera kale. Nkhope yake inali itafiira ngati wamenyedwa mbama, ndipo ine m'moyo wanga ndinali ndisanaonepo Zlata akuchita manyazi.

Lambi anadzithirira yekha, n'kumwa. "Ndaona tsopano," anatero. "Dafina, kawauzeni bai Mincho amange mahatchi."

Anapsompsona mlongo wake pachipumi. Zlata sanatembenuke, ankangokonza mikate imene inali yokonzeka kale. Lambi anawerama n'kudutsa pakachitseko, ine pambuyo pake. Mincho anali atatukula kale zikopa, fungo lili guu. Lambi anaponda pagudumu, mwendo umodzi uli kale m'ngolo, pamene tinamva geti lawo likulira.

"Dzina likhale ndi moyo! Mwini dzina akhale ndi moyo ndi thanzi!"

Mawu abwino, aulemu, onenedwa mmene amayenera kunenedwera. Mincho anakankha Lambi kuti agone. Ine ndinabwerera kukasuzumira.

Anali atatu. Awiri anali zimphona za makosi ngati ng'ombe, mmodzi wa iwo ndi uja wa pa wometa. Wachitatu anali wochepa thupi, wa magolovesi achikopa chofewa, atanyamula kabokosi ka maswiti komanga ndi riboni. Dzina lake sitinalidziwe, mpaka lero timangoti wa magolovesi. Anapukuta nsapato bwinobwino, anavula chipewa, n'kupereka kabokosiko kwa Zlata ndi manja awiri.

Ndinamukokera Zlata kukhitchini. "Auze kuti kulibe. Auze kuti sunamuone chiyambire chilimwe. Ukudziwa kuti ndi ndani amenewa?"

"Ndikudziwa," anatero, akudula mkate. "Lero ndi tsiku lanji, Dafina? Mayi ako sankasiya mkate wa uchi pamphambano kuti mliri udye upitirire? Choipa suchithamangitsa, umachidyetsa. Munthu amene wadya mkate wodalitsidwa m'nyumba mwako sangatulutsemo magazi."

"Umenewo ndi mliri, awa ndi anthu!"

"Alowa ndi moni wa tsikuli. Ndi alendo."

Anawaikira mikate. Anatenga botolo kuti athire, koma wa magolovesi anaphimba katambula kake ndi dzanja.

"Pepani mayi, kwathu anatiphunzitsa kuti amathira ndi mwini dzina." Ankalankhula mokweza pang'ono, nkhope ataloza kuwindo la kukhoma lathu. "Kapena a nduna atuluka? Pa tsiku lawo? Asiya mlongo wawo alandire yekha alendo ngati wamasiye? Ayi, sindikhulupirira. Munthu amene ankaphunzitsa dziko lonse khalidwe!"

Zimphona zija zinaseka. Zlata anaima ndi botolo m'manja. Tsiku lonse anadikira kuti munthu mmodzi yekha alowe pakhomo paja, ndipo tsopano alendo anali patebulo, matambula ali gwa. Ndinamugwira mkono, anandisasa ngati ufa. Anatuluka, anapita pakachitseko, n'kuitana ndi mawu omwe aja ankamuitanira ali mwana kuti adzadye.

"Lambi! Alendo."

Mincho anandiuza pambuyo pake kuti anali atamufunditsa kale zikopa, zingwe za mahatchi zili m'manja. Akanangomenya chikwapu. Koma zikopa zinatukuka, Lambi n'kudzuka. Mincho anamugwira jekete.

"Bai Lambi, gonani pansi, ndakupemphani."

"Kaka akuitana," anatero, n'kutsika.

Analowa akusasa ubweya wa mbuzi pamapewa. Wa magolovesi anaimirira, anakweza mphuno pang'ono, n'kumwetulira. "A nduna ayambiranso ntchito ya bambo awo?"

"Ntchito yabwino," anayankha Lambi. "Chikopa umachichotsa nyama itafa kale. Kwanuko ndamva mumayambira yamoyo."

Anaseka onse, ngakhale zimphona. Lambi anathira rakiya, dzanja lili nji, anagundanitsa matambula, n'kumwa. Ndiye anadya anthu aja! Anadya ngati abwera ku ukwati. Zlata ankangowonjezera, uchi pamwamba pa uchi, maso ake akutsatira chidutswa chilichonse kuchoka m'mbale mpaka kukhosi. Wa magolovesi anatamanda banitsa. Anati iye anaphunzira kukonda kuwerenga chifukwa cha nkhani za a nduna, ndipo ina ya masikelo obera anainena pamtima, osaphonya.

"Mkulu wanga ankagwira ntchito yosindikiza," anatero akunyambita chala. "Pa nyuzi ija inakujambulani ndi mimba ija. Musadandaule, pano amagulitsa mtedza wokazinga pasiteshoni. Akuti mpweya wa panja ukumuthandiza chifuwa."

Lambi anatenga botolo. Anangothiranso.

Dzuwa litapendeka, wa magolovesi anapukuta pakamwa, anapinda kansalu bwinobwino, n'kuvala magolovesi ake chala chimodzichimodzi. "Bwana nduna, tiperekezeni pang'ono. Pali timafunso tochepa ku ofesi, inu ndi munthu wa mawu, simuchedwa."

Zlata anaima pakhomo. "Mwadya mkate wanga."

"Ndipo ndi wokoma kwambiri, mayi. Manja anu adalitsike."

"Mwadya uchi wodalitsidwa m'nyumba muno!"

"N'chifukwa chake tikutuluka nawo mwaulemu," anatero, ndipo chimphona chimodzi chinamusuntha Zlata ngati mpando.

Lambi anavala chipewa chakuda chija. Pakhonde anatembenuka. "Kaka, kabichi munachulutsa mchere." Anatsika msewu pakati pawo, ndipo mawindo ankatsekeka patsogolo pawo, limodzi, linzake, linzake, mpaka pakona.

Zlata anayenda. Ku polisi anamuuza kuti afunse kwa asilikali, kwa asilikali anati munthu wotero sanafikeko, ku Sofia bwana wina anamuuza kuti mlongo wakeyo anathawira kunja ndipo akudya bwino kuposa iye. Anakwera sitima ndi mphika wa nyemba, n'kubwera nawo wosatsegula. Buku la Lambi lija aboma analichotsa kusukulu imene iye anamanga yekha. Akazi ankandinong'oneza kuti ndimuuze avale zakuda, ine ndinkawauza kuti akamuuze okha ngati mano awo awatopetsa. Iye ankati, "Ndaona mtembo? Sindinauone." Za kuitana kuja pakachitseko sitinakambepo, ngakhale kamodzi. Koma anasiya kudutsirapo. Akafuna mchere ankazungulira kumsewu.

Chaka chitatembenuka, pa tsiku la Woyera Haralampi, anayalanso tebulo. Mincho anakana kupitako, anati mtima wake sungapirire, ndiye tinakhala awiriwiri, ine ndi iye, tikumvera mphepo. Masana geti linalira.

Anali wa magolovesi, yekha. Kaya anamutuma kudzaona amene akubwerabe panyumbapo, kaya uchi unamukomera, kaya china chinkamudya m'kati, ine sindidziwa. Anali atawonda, maso ali psuu, ndipo ankanunkha mowa wa kwina. Ananena moni wa tsikulo. Ine ndinagwira chitsulo chotakasira moto, Zlata n'kundiyang'ana kamodzi, ndinachisiya. Munthu yekhayo padziko amene ankadziwa kumene kuli Lambi anali ameneyu.

Anamukhazika pansi, anamuikira mkate. "Mwini dzina kulibe, ndithira ndine," anatero. Ulendo uno sanaphimbe katambula.

"Ali kuti?"

"Ali bwino, mayi. Nkhani zotere zimatenga nthawi."

"Akudya?"

"Akudya, akudya. Chaka chino chipale chachuluka, eti? Kwathu kumudzi denga la khola lagwa."

Zlata anakweza katambula kake. "Kwa Lambi. Akhale ndi moyo ndi thanzi." Anatambasula mkono kuti agundanitse.

Munthu uja ankakambabe za denga la khola. Sanagundanitse. Dzanja lake linangopendeka lokha, timadontho n'kugwera pamatabwa, mmene tonsefe timachitira tisanamwe pokumbukira wakufa, mmene amayi ake anamuphunzitsira ali mwana. Milomo yake inayamba n'kunena kuti Mulungu amukhululukire, n'kuima pakati.

Anayang'ana pansi. Anayang'ana Zlata. Anaika katambula patebulo osamwa, anatola chipewa, ndipo pageti anachita kuthamanga.

Zlata anakhala nthawi yaitali akuyang'ana pamene panadonthera paja, mpaka matabwa anamwa ponse. Sanalire. Anatsitsa mkono umene unali ukadali m'mwamba.

"Dafina, uli ndi tirigu wosagaya?"

Tirigu wowiritsa timaphikira akufa, n'kugawira anthu pakhomo la tchalitchi.

"Alipo. Wochuluka bwanji?"

"Wokwanira msewu wonse. Uwu adya."

Tinauwiritsa mumphika waukulu wochapira ubweya, tinathira uchi wotsala ndi mtedza. M'mawa mwake Zlata anaima pamasitepe a tchalitchi atavala zakuda, mbale ili m'manja. Wamakalata analandira. Mkazi wa ansembe analandira, woimba ng'oma, ameya, onse, aliyense akutambasula dzanja maso ali pansi, akunong'ona dzina la Haralampi mofulumira, n'kucheuka kuona ngati wina wamva.